Zikhatho Ziwiri za Waya

1. Mwana wa aLenard

Ine ndayenda. Ndaona amakanika a ku Kitwe ovala maovololo oyera ngati madokotala. Ndaona a ku Beira amene amamasula injini uku akuimba. Ndadya mbale imodzi ndi a ku Dar es Salaam. Koma ndikunena poyera, ndipo wotsutsa abwere ndi galimoto yake: kuchokera ku Chadiza mpaka kunyanja ya mchere, kulibe munthu wodziwa kumvera waya kuposa Lonia Phiri. Pa tsiku limene ndikukusimbirani, mtsikanayu anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu zokha.

Lonia ankagwira ntchito pa galaja ya aEzara Mbewe, kuseri kwa msika pa boma. Galajayo inali denga la malata, dzenje limodzi lokonzera magalimoto, ndi mtengo wa mango umene unkagwetsera zipatso pa magalasi a anthu. AEzara anali makanika wakale ndiponso mkulu wa mpingo, koma maso anali atayamba kuwathawa. Waya wofiira ndi waya wabulauni ankawaona chimodzimodzi. Choncho chimalizireni sukulu, ntchito yonse ya magetsi inagwera Lonia.

Luso limeneli sanalitole panjira. Atate ake, aLenard, anali dalaivala wodziwa kukonza yekha galimoto yake, ndipo mwanayo anakulira pambali pa bokosi lawo la zitsulo. Amayi ake atamwalira, aLenard anapeza ntchito ya malole ku Ndola, n'kumusiya m'manja mwa azakhali ake. Anati abwera pa Khirisimasi. Makhirisimasi asanu ndi imodzi anadutsa.

Foni inkabwera mwezi uno, mwezi winawo zii. Chimene chinatsala m'manja mwa Lonia ndi kababu koyesera magetsi, ka mawaya awiri, kamene sikankachoka m'thumba la ovololo yake. Lole ikalira pa boma, Lonia ankatulutsa mutu m'dzenje kuti aione, ngakhale ankadziwa bwinobwino kuti malole a ku Ndola sadzera ku Chadiza.

2. Wodwala wa ku Mlolo

Linali Lachinayi la mu Januwale, pansi pali chinyontho cha mvula ya dzulo lake. Cha m'ma 10 koloko m'mawa kunamveka kulira kumene aliyense pa boma ankakudziwa. Inali Salema.

Salema inali galimoto yakale yokoka ndi mateyala onse anayi, ya aJonasi Banda a ku Mlolo, mlamu wawo wa aEzara. Inali itanyamulapo chilichonse chimene munthu wa kumudzi angafune kunyamula: feteleza, mbuzi, akwati, odwala, ngakhale maliro. Ndiyonso galimoto imene aLenard ankayendetsa asanapite ku Ndola. Lonia akatsegula chitseko chake, fungo la mipando linali lomwe lija la masiku amene ankakhala pambali pa atate ake miyendo isakufika pansi.

"Alamu, ndabwera ndi wodwala!" anafuula aJonasi akutsika, mimba patsogolo.

"Wodwala ndi uti, galimoto kapena mwini wake?" anafunsa aEzara. "Nonse awiri mukupuma ngati mwakwera phiri."

"Sekani. Mlongo wanu ndiye amandidyetsa chonchi. Lonia, tabwera iwe udzaone, poti abwana akowa ukawaonetsa nyali amati ndi mwezi."

Lonia anasuzumira kuseri kwa chiwongolero. Kanyali kachikasu ka zilembo zitatu, ABS, kanali katayaka.

"Kayamba liti?" anafunsa.

"Chiyambireni mvula. Pa msewu wosalala kamazima. Ndikangofika pa mabampu kamachita kuphethira ngati chiphaniphani. Dzana pa kamlatho kaja ndinaponda buleki pang'onopang'ono, chopondera n'kuyamba kunjenjemera, galimoto n'kupitirira. Ndinatsala pang'ono kupsompsona ngolo ya munthu."

"Nanga bwanji osabwera dzana lomwelo?" anatero aEzara.

"Ndabwera lero. Mawa 8 koloko ndikufunika ku Chipata ku fitinesi, koyesetsa galimoto kuja, pepala langa likutha. Akakaona kanyali aka andibweza, ndipo anthu anga ku Mlolo akudikira feteleza wachiwiri. Tsono tisavutane. Mwanayu amasule galasi la kuseri kwa chiwongolero, amate tepi wakuda kuseri kwa kanyalika. Zokonzazo tidzaona mvula ikatha."

"Woyesa wochenjera amadziwa kuti nyaliyi iyenera kuyaka poliza galimoto, kenako n'kuzima yokha," anatero aEzara.

"Ochenjera alipo angati, alamu?"

3. Chenjezo la aEzara

AEzara sanaseke. Anakoka chigubu chopanda kanthu n'kukhalapo. Ankayankha mlamu wawo, koma nkhope inaloza kwa Lonia.

"Mverani kuno nonse awiri. Pa teyala lililonse pali kachipangizo kotchedwa sensa. Ntchito yake n'kuuza kabokosi kali pafupi ndi injini kaja mmene teyala likuzungulirira. Mukaponda buleki mwadzidzidzi pa matope, teyala limafuna kuuma n'kuyamba kutsetsereka. Kabokosi kakamva zimenezo kamamasula buleki n'kugwiranso, kumasula n'kugwiranso, mofulumira kuposa phazi la munthu, kuti chiwongolero chizikumveranibe. Tsono sensa imodzi ikayamba kunama, kabokosi kamamasula buleki pamene inu simunafune. Ndizo zinakuchitikirani pa mlatho, alamu. Tepi wanuyo atseka nyali, koma bodza la sensa lipitirira.

"Nyali ndiyo pakamwa pa galimoto. Mwana akamalira usiku sumumanga nsalu pakamwa n'kumati wachira.

"Lonia, izi sindinakuuzepo. Ine amene ukundiona ndikugawa mgonero m'tchalitchi, ndinatsekapo galimoto pakamwa. Ndinali mnyamata, manja achangu ngati akowa. Kunabwera wamalonda wina ndi kagalimoto kake, nyali yofiira ya mafuta a mabuleki itayaka. Anali pa changu, inenso ndinkafuna kukaonera mpira. Ndinachotsa babu, n'kumuuza kuti zatheka. Patapita masiku asanu, pa chitsikiro cha ku Zingalume, mabuleki anakana. Anagunda ngolo. Ng'ombe ziwiri zinafera pomwepo, ndipo mnyamata woyendetsa ngoloyo anathyoka mwendo pawiri.

"Mnyamatayo ukumudziwa. Ndi aEvance, aja amadutsa pano masana ndi dengu la zitumbuwa, akukoka mwendo. Palibe khoti linandiitana. Palibe anadziwa. Ndinapita ndekha kukawauza patatha zaka khumi, ndipo anandikhululukira. Koma mwendo sunawongoke chifukwa cha kukhululukako. Tsiku lililonse ndimagula zitumbuwa ziwiri, pamene ine zitumbuwa zimandiotcha pamtima.

"Pa galaja ino nyali imazima chifukwa matenda atha. Ikakanika, timuuza mwini wake kuti yakanika. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndatha."

AJonasi anakanda m'mutu. "Ulaliki wa Lamulungu mwautha Lachinayi, alamu."

AEzara anatenga ndodo yawo. Tsiku limenelo kuchipatala kunabwera madokotala a maso, ndipo mzere wake unali wautali. "Ndibwera madzulo. Lonia, galaja ili m'manja mwako."

4. Mawu a ku Chipata

Sipanathe ndi theka la ola. Lonia anali atangotsegula boneti pamene foni inalira m'thumba mwake. Ataona dzina, anapukuta manja kawiri asanayankhe.

"Atate?"

"Loni, mwananga. Uli bwanji?"

"Ndili bwino, atate. Kaya inu?"

"Ndili ku Chipata."

Lonia anakhala pansi pa bampala. Ku Chipata! Ulendo wa maola awiri okha.

"Andituma kudzatenga katundu," anapitiriza aLenard. "Akupakira panopa, ndipo 4 koloko ndinyamuka kubwerera. Lole si yanga, sindingapatuke nayo kufika kumeneko. Ili ndi kachipangizo kouza abwana paliponse ndaima. Bwera, mwananga. Ndikufuna ndikuone mmene wakulira. Palinso chimene sindingakuuze pa foni."

"Ndibwera, atate. Ndibwera ndithu."

Anathamangira ku siteshoni ovololo ili m'thupi. Minibasi ya m'mawa inali itapita. Imene inalipo munali anthu awiri ndi nkhuku, ndipo kondakitala anali gone pa mpando wakumbuyo. "Tidzadza cha m'ma 4, asisi," anatero osadzuka n'komwe.

Atabwerera anapeza aJonasi akudya mango pamthunzi. Nkhani anali ataimva yonse.

"Waona mmene Mulungu amakonzera zinthu?" anatero. "Iwe ukufuna Chipata, ine ndikufuna Chipata. Ndimati ndinyamuke mawa m'mamawa, koma chifukwa cha iwe ndingakagone komweko. Tepi ndi ntchito ya mphindi khumi. Ukhala pampando wakutsogolo, pomwe unkakhala kale paja."

Lonia anayang'ana mpandowo. Kenako anayang'ana nthawi pa foni. Inali itangokwana 12 koloko.

"Tikanyamuka 2 koloko tikawapeza," anatero. "Ndipatseni maola awiri. Ndiipeza."

"Ukapanda kuipeza?"

Lonia anali atatenga kale mita yake yoyezera magetsi.

5. Maola awiri

Apa ndiye ndikanakonda mukanakhalapo, anzanga, mudzaone ntchito. Makanika wa changu amayambira kumene akuganizira. Makanika weniweni amayambira pakhomo, n'kumalowa chipinda ndi chipinda.

Lonia anayambira pa mafyuzi. Anawagusa limodzilimodzi ndi kababu ka atate ake, ndipo kababu kanayaka mbali zonse ziwiri. Anayeza batire, n'kupeza kuti ili ndi mphamvu zokwanira. Anamasula waya wakuda wolumikiza kabokosi ku chitsulo cha galimoto, anaupala dzimbiri mpaka kuwala, n'kuumanganso. Anaona mafuta a mabuleki. Anali pa mzere wake.

Nthawi inali 1 koloko.

Analowa m'dzenje ndi ndowa ya madzi, n'kutsuka matope kuseri kwa mateyala onse anayi. Sensa zakutsogolo anazitulutsa, anazipukuta tizitsulo timene tinakakamira kumutu kwake, n'kuzibwezera. Atatuluka anazula pulagi yaikulu ya kabokosi, kumene mawaya a mateyala onse amakumana, n'kuyamba kuyeza awiriawiri.

Teyala lakutsogolo kumanja, nambala yabwino. Lakutsogolo kumanzere, chimodzimodzi. Lakumbuyo kumanja, chimodzimodzi. Lakumbuyo kumanzere, chimodzimodzinso.

Anayezanso kachiwiri. Zonse zinayi zinati zili bwino. Anabwezera pulagi, analiza galimoto, ndipo kanyali kanayaka n'kuzima. Anaiyendetsa kufika pa chibampu cha pachipata cha msika. Kanyali kanabwerera, kachikasu ngati dzira.

"Ndi 2 koloko," anatero aJonasi mofatsa. Nthabwala zinali zitawathera. Anatulutsa tepi m'bokosi la zitsulo n'kumupatsa. "Wayesetsa, mwana wa mnzanga. Zaka zisanu ndi chimodzi si masewera. Alamu angawo maso alibe, sadzaona. Ine pakamwa panga ndi pa bokosi. Tikabwerako udzaifuna bwino."

Lonia analandira tepi. Anatenga sikuludiraiva, n'kumasula tizomangira tinayi ta galasi. Anadula katepi kakang'ono ngati chikhadabo, n'kukamata pa chala chake kudikira kuti galasi lichoke.

"Zitumbuwa zamotooo! Mwaswera bwanji amakanika?"

Anali aEvance, dengu paphewa, mwendo wakumanzere ukulemba mzere m'matope.

"Akuluakulu kulibe lero? Ziwiri zawo ndisiye pati?"

"Ikani pa benchipo," anatero Lonia.

"Ehe. Muwauze kuti za lero ndathiramo nthochi zambiri." Anaseka, n'kupitirira. Lonia anayang'ana mzere uja mpaka pamene unakhotera kumsika.

Anachotsa katepi pa chala, n'kukamata pa benchi pambali pa zitumbuwa. Anabwezera tizomangira tonse tinayi.

"Iwe mwana," anatero aJonasi, "ukudziwa chimene ukutaya?"

"Ndikudziwa." Lonia anawabwezera tepi. "Mukafuna wa tepi, apezeka kwina. Pano ayi."

AJonasi anayang'ana kumsewu, anayang'ana mtsikanayo, n'kupuma kwambiri. "Mutu wa Lenard weniweni. Chabwino. Ndichite chiyani?"

6. Mfundo ya legeni

Lonia anaima kanthawi akuyang'ana Salema. Kenako anawomba m'manja kamodzi.

"Ndalakwitsa ndine. Atate ankati matenda obwera pa mabampu usawafune galimoto ili chiimire. Kwerani pa bampala yakumbuyo, muzidumpha."

"Ine? Bambo wa ana asanu ndi awiri?"

"Ndinu nokha muli ndi kulemera kokwanira."

"Amwano ngati abwana ako!"

Koma anakwera. Lonia anazulanso pulagi ija n'kulumikiza mita. AJonasi anagwira denga n'kuyamba kudumpha, mimba ikuvina payokha, amayi a kumsika akufa nazo ndi kuseka. Salema inagwedezeka ngati bwato.

Teyala loyamba, nambala inangoti njii. Lachiwiri, njii. Lachitatu, njii. Atafika pa lakumbuyo kumanzere, nambala inathawa, inabwera, inathawanso.

"Imani! Ndamupeza wabodza."

Analowa m'dzenje n'kuyamba kutsata waya wa teyala limenelo ndi zala, pang'onopang'ono, kuchokera pa sensa kukwera m'mwamba. Pamwamba pa chitsulo chachikulu, pamalo osaoneka ndi maso, zala zinagunda chotupa. Anachikokera poyera n'kuchitsuka.

Linali legeni, mpira wa chubu wodulidwa mopyapyala, wokulungidwa pa waya mothina bwino. Kumapeto kwake kunali mfundo: kuzungulira katatu, nsonga kuilowetsa pansi kawiri, n'kusiya kamchira kotha kukoka.

Lonia anaisisita ndi chala. Mfundo imeneyo inamangapo lamba wa chikwama chake cha sukulu. Inamangapo patapata wake atadukira panjira ya kutchalitchi. Pa dziko lonse lapansi, munthu womanga choncho ndi mmodzi.

"Bwanji kumeneko, wagona?" anafunsa aJonasi akusuzumira.

"Tabwerani muone."

Lonia anadula legeni pambali pa mfundo, n'kulimasula. M'kati munali kawaya kopyapyala ka mtundu wina, kopotedwa ndi manja mbali zonse ziwiri. Madzi a mvula zisanu ndi imodzi anali atapeza polowera. Mkuwa unali wobiriwira, utatsala kansinga kamodzi kokha kamene kankagusa n'kusiya galimoto ikagwedezeka.

AJonasi anagwira pakamwa. "Kalanga ine! Ndinaiwala. Waya wanga wa sipika!"

"Wa sipika?"

"Unali ulendo wake womaliza. Tinkachokera ku Zingalume ndi mayi wina wodwala, chitsa n'kudula waya umenewu. M'tchire, sitolo kulibe. Atate ako anatsegula chitseko chakumbuyochi n'kudula waya wa sipika ya wailesi. Anayeza ndi dzanja, kuyambira chala chachikulu kufika chaching'ono, kawiri. Anati, 'AJonasi, ndakongola zikhatho ziwiri. Izi n'zongofikira kuchipatala. Loweruka ndidzalumikiza bwino, ndi waya wanu ndidzabweza.' Lachisanu kalata ya ku Ndola inafika. Chichokereni tsiku limenelo, okhala kumbuyo samva nyimbo. Amangomvera kwa anzawo akutsogolo."

Lonia anapinda legenilo bwinobwino, mfundo yake osaiwononga, n'kuliika m'thumba momwe munali kababu.

7. Nyali izima

Magetsi anali atapita kuyambira m'mawa, monga mwa masiku onse. Lonia anakoleza mbaula n'kuikapo chitsulo chosungunulira mtovu. Makala anali onyowa. Anakupiza ndi chikatoni mpaka mkono kuwawa, ndipo nthawi sinamudikire.

Anadula waya wowolawo mpaka pamene mkuwa unayamba kuwala. Anaikapo watsopano wa kukula koyenera, analumikiza ndi mtovu mbali zonse ziwiri, anavekapo kachubu kothina ndi moto kuti madzi asalowe, n'kuumangirira kutali ndi zitsa. AJonasi anadumphanso pa bampala, ulendo uno osanyinyirika. Nambala inangoti njii.

Anapita nayo Salema kumsewu wa miyala wa kuseri kwa bwalo la mpira. Poliza, kanyali kanayaka n'kuzima. Pa mabampu sikanabwere. AJonasi anaponda buleki pang'onopang'ono, galimoto n'kuima mwaulemu. Anathamangitsa n'kuponda mwamphamvu pa matope. Chopondera chinagunda phazi ngati ng'oma, ndipo Salema inaima chowongoka, osapotoka ngakhale pang'ono.

"Mayo ine!" anafuula aJonasi. "Yabwerera ku utsikana!"

Ndinakuuzani poyamba paja. Ku Kitwe akanati gulani kabokosi katsopano. Ku Beira akanasintha sensa zonse zinayi. Mwana wa aLenard anaipeza ndi mita yakale, zala khumi, ndi mimba ya aJonasi.

Koma Lonia sanaseke. Foni inkaonetsa kuti 4 koloko yapitirira ndi mphindi makumi awiri. Anaimba. Inalira mpaka kuduka. Anaimbanso, chimodzimodzi.

Atabwerera pa galaja anatulutsa legeni lija, analiika pa chikhatho, n'kulijambula. Pansi pa chithunzi analemba kuti: "Atate, ndalephera kubwera. Salema inali ndi matenda a mabuleki, sindikanaisiya. Ndapeza mfundo yanu." Anatumiza, n'kupita kuseri kwa mtengo wa mango. AJonasi anayang'ana kwina, n'kumapukuta galasi loyera kale.

Lonia atabwerako, maso ali ofiira, anatenga mpukutu wa waya n'kumasula chikuto cha chitseko chakumbuyo.

"Kwatsalanso chiyani?" anafunsa aJonasi.

"Ngongole."

Anatambasula dzanja pa waya, kamodzi, kawiri, n'kuonjezera pang'ono poti dzanja la atate ake ndi lalikulu. Anadula n'kulumikiza.

AEzara anafika nthawi imeneyo, maso akuyenderera mankhwala. Anapapasa pa benchi kufuna zitumbuwa zawo, ndipo chala chawo chinagunda katepi kaja. Anakamatula, anakapotokola pakati pa zala.

"Sikanafike pa galasi, alamu," anatero aJonasi. "Ndinamukakamiza ndine. Atate ake anali ku Chipata mpaka 4 koloko, koma wakana. Nyali yazima yokha."

AEzara ananyema chitumbuwa chimodzi pakati, n'kumupatsa Lonia theka. "Idya, mwananga. Lero zawawa, ndikudziwa. Koma sudzagula zitumbuwa zaka makumi atatu ngati ine. Za atate akozo, madzi saiwala khwawa."

Lonia anatsegula wailesi. Chitseko chakumbuyo chinakhosomola kamodzi, kenako kwaya inatulukamo, mawu a amayi okhaokha, oyera ngati kuti sanakhalepo chete.

Foni inalira. Dzina linali la atate ake.

"Atate!"

"Halo? Ndinu aLonia?" Sanali mawu a aLenard. Anali mawu a kamtsikana kakang'ono.

"Ndine. Eni foni ali kuti?"

"Aimitsa lole. Aona chithunzi chija, ndiye atsika, akhala pansi pafupi ndi teyala, agwira kumaso. Akuti ndilankhule ine. Ndine Angel."

"Angel wa kwa yani?"

"Wa kwa atate. ALenard Phiri. Akuti inu ndinu asisi anga. Ndinavala diresi yatsopano kuti mudzandione, koma simunabwere."

Lonia anagwira chitseko cha Salema. AJonasi anatsitsa wailesi.

"Halo? Asisi? Akuti tigona pa Katete. Akuti apempha abwana tidikire mpaka 10 koloko mawa. Ndiwauze chiyani?"

Lonia analowetsa dzanja m'thumba n'kugwira mfundo ija.

"Uwauze kuti waya wa aJonasi ndabweza, zikhatho ziwiri, sunaperewere. Zaka zisanu ndi chimodzi zija adzabweza okha, pamaso panga. Ndipo iwe diresiyo usaidetse. Mawa ndikubwera ku Katete."